Mbiri ya Kuphunzitsa Amisiri Osindikiza Mabuku m'Malawi

Ntchito yosindikiza mabuku inafika m'dziko lomwe lero likutchedwa Malawi pamodzi ndi mipingo ya Chikhristu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo kwa mibadwo itatu kapena inayi luso lake linkaperekedwa pa ntchito pomwepo, mnyamata wophunzira ataimirira pambali pa mmisiri, maso ali pa manja a mmisiriyo, kufikira iyenso atakhulupiriridwa kuti akonze tsamba lonse payekha. Mbiri ya mabuku a Chinyanja, Chitumbuka, Chiyao ndi Chitonga imakonda kutchula maina a omasulira ndi olemba, pamene anthu amene ankasanja zilembo chimodzichimodzi, kupaka inki, kupinda mapepala ndi kusoka mabukuwo satchulidwa kawirikawiri. Komabe nyumba zosindikizira za pa mamishoni zinali m'gulu la masukulu oyamba a ntchito zamanja m'dziko muno, ndipo kaphunzitsidwe kake kamaonetsa momwe amisiri odziwa kulemba ndi kuwerenga anayambira, komanso malire amene ulamuliro wa atsamunda unawaikira.

Dongosolo lophunzitsira pa ntchito linachokera ku Ulaya, kumene Johannes Gutenberg wa mumzinda wa Mainz ku Germany anayamba kusindikiza pogwiritsa ntchito zilembo zachitsulo zotha kusanjidwa ndi kumwazidwanso cha m'ma 1450. Ku England, bungwe la Stationers' Company, lomwe linalandira mphamvu kwa mafumu mu 1557, ndilo linkalemba m'kaundula anyamata ofuna kulowa ntchitoyi, ndipo lamulo la 1563 linakhazikitsa kuti wophunzira ntchito yamanja azikhala pansi pa mmisiri wake zaka zisanu ndi ziwiri asanayambe kulandira malipiro a munthu wodziwa ntchito. Mwambo wotere unali wolimba ku Scotland nakonso, ndipo amishonale a kumeneko anautengera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, yomwe inatsegulidwa mu 1841 n'kuyamba kuphunzitsa kusindikiza ndi kumanga mabuku mu 1861. James Stewart, amene anakhala mkulu wa Lovedale kuyambira mu 1870, ndiye anapereka ganizo loti kukhazikitsidwe mishoni ya Livingstonia m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, choncho n'zosadabwitsa kuti maphunziro ophatikiza buku ndi ntchito zamanja anafika kuno atatengera chitsanzo cha Lovedale.

Mamishoni oyamba, monga Livingstonia yomwe inayambira ku Cape Maclear mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881, Blantyre ya mu 1876 ndi Likoma ya mu 1885, anaona msanga kuti sukulu za m'midzi sizikanapita patali popanda timabuku tophunzirira kuwerenga, nyimbo ndi katekisimu, ndiye kuti buku la mafunso ndi mayankho a chikhulupiriro. Mabuku akuluakulu ankasindikizidwa kunja, monga Chipangano Chatsopano chimene Robert Laws anamasulira m'Chinyanja, chomwe chinatuluka ku Scotland mu 1886, ndi mtanthauziramawu wa Chimang'anja wa David Clement Scott, womwe unatuluka ku Edinburgh mu 1892. Koma njira imeneyi inkatenga miyezi yambiri, ndipo osanja zilembo a kunjako, posadziwa chinenerocho, sankatha kuona cholakwa ngakhale chitakhala poyera. Kubweretsa makina kuno nako kunali chintchito, chifukwa katundu ankatsitsidwa poyamba ku Quelimane, ndipo pambuyo pake ku Chinde, n'kukwera mitsinje ya Zambezi ndi Shire mpaka pamene mathithi amatsekereza njira, kenaka amtengatenga ankasenza mabokosi olemera a zilembo, mapepala ndi zidutswa za makina pamutu kukwera nawo ku Blantyre kapena kukawapereka ku sitima za pa nyanja. Mmisiri wochokera ku Ulaya anali wokwera mtengo ndiponso malungo ankamugwetsa pafupipafupi, kotero kuti mishoni iliyonse yofuna kuti makina ake asagone inkayenera kuphunzitsa ana a sukulu ake omwe.

Ku Blantyre, kumene Scott anafika mu 1881, nyumba yosindikizira inayamba kutulutsa magazini ya Chingerezi yotchedwa Life and Work in British Central Africa mu 1888, ndiponso inkasindikiza nyuzipepala ya Chimang'anja yotchedwa Kalilole. Mmisiri wodziwika kwambiri amene anakulira m'nyumba imeneyi ndi Mungo Murray Chisuse, yemwe anapita ku Scotland pamodzi ndi Scott mu 1885, n'kudzabwererakonso mu 1897 kukawonjezera luso lake m'nyumba ina yosindikizira mabuku ya ku Edinburgh, ndipo atabwera anakhala mkulu wa osindikiza pa mishoniyo, kuphunzitsa anyamata ena, komanso anatchuka pa ntchito yojambula zithunzi, moti zina mwa zithunzi za John Chilembwe ndi banja lake zimene zilipo lero anajambula ndi iyeyo. Moyo wa Chisuse ukugwirizana ndi maganizo a Scott, amene ankakhulupirira kuti anthu akuda ayenera kupatsidwa udindo weniweni mu mpingo ndi pa ntchito, maganizo amene azungu ambiri a minda ndi a malonda a nthawi imeneyo sankagwirizana nawo. Nyumba yosindikizira ya pa mishoniyi inadzatchedwa Hetherwick Press pokumbukira Alexander Hetherwick, amene analowa m'malo mwa Scott.

Ku Likoma, mishoni ya UMCA ya mpingo wa Angilikani inkasindikiza The Nyasa News kuyambira mu 1893 pansi pa Chauncy Maples, pamene kumpoto Laws anasamutsira likulu la maphunziro ku Khondowe mu 1894 n'kutsegula sukulu yotchedwa Overtoun Institution. Kumeneko ntchito zamanja, monga ukalipentala, kumanga ndi miyala, ulimi, kutumiza mauthenga pa lamya ndi kusindikiza, zinaikidwa m'dongosolo lofanana ndi la ku Lovedale, momwe wophunzira ntchito ankachita pangano lolembedwa lokhala pa mishoni zaka zingapo, kawirikawiri zisanu, akulandira chakudya, pogona ndi kandalama kochepa, ndipo akamaliza ankapatsidwa chikalata chochitira umboni luso lake. Magazini ya The Aurora, yomwe inayamba mu 1897, ndi mabuku a sukulu a Chitumbuka, Chitonga ndi Chinyanja ndiwo anali ntchito imene anyamatawa ankaphunzirirapo, kutanthauza kuti chilichonse chimene wophunzira ankasanja chinali chopita kwa owerenga enieni, ndipo cholakwa chake chinkaoneka m'sukulu za m'midzi yambiri.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake maphunzirowa ankatenga zaka, ayenera kudziwa momwe ntchito yake inkayendera m'nthawi ya zilembo zachitsulo. Chilembo chilichonse chinali kachitsulo kakang'ono kopangidwa ndi mtovu wosakaniza ndi zitsulo zina, komwe kumutu kwake kunali chilembo chotukuka koma chotembenuka monga momwe zolemba zimaonekera pa kalilole, ndipo tizitsuloti tinkasungidwa m'mabokosi awiri afulati ogawidwa m'tizipinda, lapamwamba la zilembo zazikulu ndi lapansi la zilembo zazing'ono. Wobwera kumene ankayamba ndi kusesa, kutola zilembo zogwera pansi ndi kutsuka inki, kenaka ankaloweza pamtima malo a chilembo chilichonse m'bokosi, popeza tizipindato sitinkatsatira ndondomeko ya alifabeti koma kuchuluka kwa ntchito ya chilembocho. Ntchito yoyamba yodalirika imene ankapatsidwa inali kumwaza, kutanthauza kubwezera zilembo za tsamba lomwe lasindikizidwa kale m'tizipinda take, ndipo apa mpamene kusamala kwake kunkayesedwa, chifukwa chilembo chimodzi choponyedwa m'kachipinda kolakwika chinkadzatulukira monga cholakwa m'buku lotsatira, makamaka zilembo b, d, p ndi q zomwe zimasokoneza maso zikakhala zotembenuka.

Akadziwa kumwaza, wophunzira ankayamba kusanja, atagwira ku dzanja lamanzere kachipangizo kachitsulo kokhala ngati kathireyi kopapatiza, komwe ankaikamo zilembo chimodzichimodzi zili chadodolido, akuwerenga mawu mozondoka, n'kumalowetsa tizitsulo topanda chilembo pakati pa mawu kufikira mzere utathina bwino, pakuti mzere wolobodoka unkagwa tsamba likanyamulidwa ndipo ntchito ya tsiku lonse inkamwazika pansi. Mizere ikakwana tsamba inkamangidwa ndi chingwe, n'kudindidwa kamodzi pa pepala loyesera kuti mmishonale kapena mphunzitsi awerenge ndi kulemba zokonza m'mphepete, ndipo wosanja ankayenera kudziwa zizindikiro za okonzawo. Luso lovuta kuposa onse linali kuyala masamba, chifukwa pepala limodzi lalikulu linkanyamula masamba 16, asanu ndi atatu mbali iliyonse, ndipo ankayenera kuikidwa mwa dongosolo loti pepalalo likapindidwa katatu masamba atsatane bwino, zomwe zikutanthauza kuti tsamba 1 linkagona pambali pa tsamba 16. Pambuyo pake masambawo ankapanikizidwa m'felemu yachitsulo, n'kuikidwa pa makina oyendetsedwa ndi dzanja kapena phazi, ndipo mapepala akauma ankapita kwa omanga mabuku, amene ankapinda, kusonkhanitsa zigawo motsatana, kusoka ndi ulusi, kumata ndi guluu, kudula m'mphepete ndi kuveka chikuto. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneku ndiko mmisiri ankafuna mwa wophunzira asanayambe kuyang'ana liwiro lake.

Panali zovuta zina zimene osindikiza a kuno ankakumana nazo zomwe anzawo a ku Edinburgh sankazidziwa. Zilembo zinkagulidwa m'mitokoma yowerengedwa molingana ndi Chingerezi, momwe chilembo e ndicho chimachuluka, pamene m'Chinyanja, momwe mawu amathera ndi lembo la liwu, chilembo a ndicho chimafunika kwambiri, ndipo k, w ndi z zimagwira ntchito kuposa momwe opanga zilembo a ku Ulaya ankayembekezera, pomwe q ndi x zimangokhala. Choncho zilembo zina zinkatha masamba asanakwane, ndipo wosanja ankakakamizika kusindikiza masamba ochepa, kuwamwaza ndi kuyambanso. Chilembo ŵ, chomwe chimapezeka m'Chitumbuka ndi m'Chinyanja, chinkafunika kuchiitanitsa mwapadera. Nyengo nayo inali ndi mavuto ake, popeza mipukutu yopakira inki, yomwe inkapangidwa ndi guluu wosakaniza ndi manyuchi a shuga, imafewa kukatentha monga kumachitira m'mphepete mwa nyanja, mapepala amakwinyika m'dzinja chifukwa cha chinyezi, ndipo chiswe chimadya mabuku m'nkhokwe. Wophunzira ankayeneranso kudziwa kuti fumbi la mtovu ndi poizoni wolowa m'thupi pang'onopang'ono, kotero kuti kusamba m'manja asanakhudze nsima linali lamulo la ntchito.

Wosanja zilembo analinso mlonda wa kalembedwe, ngakhale kuti udindo umenewu sunkatchulidwa m'pangano lake. Pa chiyambi mishoni iliyonse inkalemba Chinyanja m'njira yake, malingana ndi kalankhulidwe ka dera lake ndi khutu la womasulira, ndipo mmisiri amene chinenerocho chinali chobadwa nacho ndiye ankaona mawu olumikizidwa kapena olekanitsidwa molakwika zolembazo zisanadindidwe. Malamulo a kalembedwe akasintha, nyumba zosindikizira ndizo zinkawafikitsa kwa anthu, monga momwe zinakhalira ndi malamulo a 1931, amene anakhazikitsa chilembo c pamalo pa ch, moti mabuku a zaka zimenezo amalemba Cinyanja, ndiponso ndi malamulo a Chichewa Board a 1973, amene anabwezeretsa ch Chichewa chitasankhidwa kukhala chinenero cha fuko mu 1968. Pa kusintha kulikonse, amisiri amene manja awo anali atazolowera njira yakale ankayenera kuphunziranso, n'kuphunzitsa ang'onoang'ono njira yatsopano.

Luso lophunziridwa pa mishoni silinachedwe kupeza msika kunja kwa mpingo. Boma la atsamunda linatsegula nyumba yake yosindikizira ku Zomba, komwe British Central Africa Gazette inayamba kutuluka mu 1894, ndipo Harry Johnston, amene anali woyamba kulamulira dzikoli m'malo mwa Britain, analemba m'buku lake la 1897 kuti pa nyumbayo panali mzungu mmodzi yekha woyang'anira, pamene osindikiza ena onse anali anthu akuda ophunzitsidwa pa mamishoni. Nyuzipepala ya azungu a minda ya Central African Planter, imene R. S. Hynde anayambitsa mu 1895, n'kudzasanduka Central African Times, kenaka Nyasaland Times, ndipo lero ndi Daily Times, inkafunanso amisiri otere. Umboni wa Johnston ukuonetsa zinthu ziwiri pamodzi, kuti m'zaka pafupifupi makumi awiri mamishoni anali ataphunzitsa anthu okhoza kusindikiza malamulo a boma m'chinenero chachilendo, ndiponso kuti udindo woyang'anira unkasungidwira mzungu ngakhale ntchito yonse inali m'manja mwa anthu akuda. Popeza malipiro a kuno anali ochepa, ophunzira ambiri a ku Livingstonia ndi ku Blantyre ankapita kukafuna ntchito ku Southern Rhodesia, ku Northern Rhodesia ndi ku South Africa, koma kumeneko nakonso anakapeza mpanda, monga lamulo la ophunzira ntchito la ku South Africa la 1922, lomwe linaika muyeso wa maphunziro umene anthu akuda ochepa okha ankatha kuukwanitsa.

M'chigawo chapakati, mishoni ya Dutch Reformed Church, yomwe inayambira ku Mvera mu 1889 ndi kudzakhazikitsa likulu lake ku Nkhoma, inayamba kusindikiza magazini ya Mthenga mu 1909, ndipo nyumba yosindikizira ya ku Nkhoma inadzakhala gwero lalikulu la mabuku a Chichewa, kuphatikizapo a Samuel Josiah Ntara, mlembi wa Nthondo ndi Mbiri ya Achewa. Mpingo wa Seventh-day Adventist unali ndi nyumba yake ku Malamulo m'boma la Thyolo, pamene Akatolika anatsegula Likuni Press pafupi ndi Lilongwe mu 1949, komwe kunayamba kutuluka nyuzipepala ya Odini, ndi Montfort Press ku Limbe, komwe magazini ya Moni inayamba kutuluka mu 1964. Ngakhale nyumbazi zinachuluka, ntchito zazikulu zedi zinkapitabe kunja, ndipo chitsanzo chake ndi Buku Lopatulika, Baibulo lomwe kumasulira kwake kunatsogoleredwa ndi William H. Murray n'kutuluka mu 1922, limene linasindikizidwa ku Britain chifukwa linkafuna pepala lopyapyala, zilembo zambirimbiri ndi makina omangira amene mishoni iliyonse ya kuno inalibe. Nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes zitayendera dzikoli mu 1924 kudzaona za maphunziro, ndipo boma litatsegula nthambi ya maphunziro mu 1926, chidwi cha olamula chinapita pa maphunziro osavuta a kumudzi, choncho kuphunzitsa amisiri osindikiza kunatsalabe m'manja mwa nyumba zosindikizira zenizenizo.

Kusintha kwa makina ndiko kunagwedeza dongosolo lakale kuposa china chilichonse. Makina a Linotype, amene Ottmar Mergenthaler anapanga ku America ndipo anayamba kugwira ntchito mu 1886, ankasungunula mtovu n'kuumba mzere wathunthu wa mawu munthu akamatayipa, motero m'nyumba zikuluzikulu wosanja ndi manja analowedwa m'malo ndi woyendetsa makina. Pambuyo pake kunabwera njira ya ofuseti, momwe tsamba limajambulidwa pa chitsulo chopyapyala chafulati, inki n'kumamatira pa malo a zilembo okha chifukwa mafuta ndi madzi sizisakanikirana, kenaka chithunzicho chimadutsa pa mpukutu wa labala chisanafike pa pepala. Ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kompyuta inayamba kutenga ntchito yonse yosanja ndi kuyala masamba. Luso limene kale linkafuna zaka zisanu linagawika m'ntchito zosiyanasiyana, monga kukonza masamba pa kompyuta, kupanga zitsulo zodindira, kusakaniza mitundu inayi ya inki ndi kukonza makina akawonongeka, ndipo mmisiri wachikulire nthawi zina ankapezeka akuphunzira kwa mwana wa sukulu.

Ntchitoyi sinali kutali ndi ndale, chifukwa lamulo la 1968 lounika mabuku ndi zosangalatsa linachititsa kuti wosindikiza aliyense aziganiza kawiri asanalandire zolemba. Kalata ya maepiskopi a Katolika yomwe inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, inasindikizidwa mwakachetechete pa nyumba ya a Montfort ku Balaka m'makope pafupifupi 16,000, ndipo patangopita masiku ochepa nyumbayo inayatsidwa moto. Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 itatsegula njira ya zipani zambiri, nyuzipepala zinabuka zochuluka ndipo tinyumba tosindikizira tinafalikira m'matauni, komwe achinyamata amaphunzira ntchito pongoonera kwa anzawo popanda pangano kapena chikalata. Lamulo la 1999 linakhazikitsa bungwe la TEVETA kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo olemba anthu ntchito amapereka gawo limodzi mwa magawo 100 a ndalama za malipiro a antchito awo kuti lithandize maphunzirowo. Komabe popeza makina, inki ndi mapepala osindikizira zimagulidwa kunja, ndiponso mabuku ambiri a sukulu amasindikizidwa m'maiko ena, nyumba za kuno zimasowa ntchito zikuluzikulu zimene wophunzira angakhwimirepo.

Mbiri imeneyi ikuonetsa kuti luso losindikiza linakhazikika m'Malawi nthawi zonse pamene zinthu zitatu zinapezeka pamodzi, zomwe ndi mmisiri wokhala ndi nthawi yophunzitsa, ntchito yeniyeni yopita kwa owerenga, ndi pangano lotsimikizira wophunzira kuti zaka zake zidzathera pa chikalata chovomerezeka, ndipo linafooka paliponse pamene chimodzi mwa zitatuzi chinasowa. Mabuku amene amisiri akale anasanja akusungidwa ku National Archives ku Zomba, komwe lamulo limafuna kuti buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno liperekedweko, koma pa masamba ake oyamba pamaoneka dzina la wolemba ndi la nyumba yosindikizira basi. Ena mwa amisiri amene anagwirapo zilembo za mtovu ku Zomba, ku Nkhoma, ku Likuni ndi ku Limbe angakhale akadali moyo koma ndi okalamba, choncho akatswiri a mbiri, mipingo ndi eni nyumba zosindikizira ayenera kuwafunsa ndi kulemba zimene akudziwa nthawi isanathe.